Kabala kosatuluka magazi

Tsiku limene a malume anabayidwa ndi chiputu palibe analilabadira, ngakhale eni akewo. Munali mu Okutobala, nyengo yososa, dzuwa likuswa mtengo. Ankachokera kukhola kumene ankatapa manyowa okathira kudimba, atavala patapata wakutha chidendene. Podutsa pa lupsa pamene anyamata osaka mbewa anatentha, kachiputu kanaboola patapata uja n'kulowa kuphazi. Anakazula, n'kufinya pang'ono, koma magazi anangotuluka kadontho kamodzi. Anatapa dothi n'kutsirapo monga tonse tinkachitira tili ana, ulendo n'kupitirira.

Patapita masiku 9 akazi awo anandiimbira foni. Amati a malume akulephera kudya nsima, pakamwa sipakutseguka bwino. Poyamba onse ankaganiza kuti ndi dzino, ena amvekere ndi matsagwidi. Mmene ndinkafika kumudzi mawa lake khosi linali litauma gwa, mimba ili ngati thabwa, nkhope itakokeka ngati ya munthu amene akuseka pamene m'maso muli mantha okhaokha. Mwana wina anamenyetsa chitseko, ndipo zimene ndinaona sindidzaziiwala: thupi lonse linakungika, msana n'kupindika ngati uta, mutu ndi zidendene zokha ndi zimene zinatsala pamphasa. Atamasuka anandiyang'ana n'kulankhula mano ali okukutika, "Iwe, ndikumva zonse. Musandisiye pano." Nzeru zawo zinali bwinobwino. Chimenechi ndicho chowawa pa nthendayi, wodwala sakomoka, ululu wonse amaumva ali maso.

Panja anthu anali atayamba kale kunong'onezana za mkangano wa malire a munda umene unalipo chaka chimenecho. Sindikuwaweruza. Munthu wamphamvu, wosadwaladwala, kungouma thupi popanda malungo, popanda chilonda chooneka, maganizo a munthu amathamangira komweko. Komabe tinapeza galimoto n'kupita nawo kuchipatala.

Dokotala amene anatilandira sanachedwe. Anayesa kuwatsegula pakamwa, anagwira pamimba, kenaka anafunsa, "Kodi bambowa anavulalapo masiku apitawa?" Tonse tinakana. Anafunsanso, "Ngakhale kaminga, ngakhale tekenya?" Apa mpamene akazi awo anakumbukira za chiputu chija. Atatembenuza phazi, kabalako kanali katatsekeka kale, kadontho kakuda kosaposa njere ya mapira. Dokotala uja anati, "Ndi kafumbata uyu."

Ndinakhala gadiyani wawo milungu 5. M'masiku amenewo ndinafunsa mafunso ambiri kwa anamwino ndi madokotala, usiku ndinkawerenga pafoni nditabisa kuwala m'chitenje, ndipo zimene ndinaphunzira zinasintha mmene ndimaonera bala lililonse.

Ife timadziwa kuti chamoyo chilichonse chimafuna mpweya. Mumpweya timapumawu, magawo 21 pa 100 aliwonse ndi okosijeni, ndipo tikausowa kwa mphindi zochepa tapita. Koma pali mabakiteriya ena amene kwa iwo okosijeni ndi poizoni. Azachipatala amawatcha ma anaerobe. Chifukwa chake n'chakuti okosijeni akalowa m'selo amasiyamo tizinthu towononga, towotcha ngati moto. Maselo athu ali ndi zozimitsira moto umenewu, zotchedwa catalase ndi superoxide dismutase. Mabakiteriya tikunenawa alibe zozimitsirazi, kapena ali nazo zochepa kwambiri, choncho mpweya ukawakhudza amafooka kapena kufa. Malo awo ndi obisika: pansi pa matope a m'dambo, mkati mwa mulu wa ndowe, m'dzenje la chimbudzi, m'chifu cha ng'ombe, ndiponso m'matumbo mwathumu. Fungo lija limatuluka ukaponda matope akuda a m'dambo, lokhala ngati la dzira lowola, ndi ntchito yawo.

Woyamba kufotokoza bwino za moyo wopanda mpweyawu anali Louis Pasteur wa ku France, mu 1861. Poyang'ana kadontho ka madzi amene ankasasa ngati mowa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, anaona kuti tizilombo ta m'mphepete mwa kadonthoko, mmene munkafika mpweya, tasiya kuyenda, pamene ta pakati tinkayendabe. Nkhani imeneyi imandigwira mtima chifukwa chimene iye anaona m'kadontho kaja n'chimene chinachitika kuphazi kwa a malume. Pamwamba pa khungu kachilombo ka kafumbata, kamene kali m'gulu lomweli, sikakanachita kanthu. Mkati, mmene chiputu chinakasiya, ndimo munali kwawo.

Kachilombo ka kafumbata dzina lake ndi Clostridium tetani. Mwina wina afunsa kuti ngati kamafa ndi mpweya, kamakhala bwanji m'fumbi la pabwalo limene limawombedwa ndi mphepo ndi dzuwa? Yankho lake mlimi aliyense alimva msanga akaganiza za kaufiti. Njere za kaufiti zimagona m'nthaka zaka zambirimbiri osamera, osafa, kudikira kuti muzu wa chimanga udutse pafupi. Nako kachilomboka zinthu zikavuta kamadzikulunga m'kanjere kolimba kamene sikaopa dzuwa, chilala, ngakhale madzi owira kwa kanthawi. N'chifukwa chake zida za opaleshoni saziwiritsa m'poto chabe koma amaziphika m'makina a nthunzi pa madigiri 121. Kanjereko kakamapangika kumapeto kwa kachilombo, konseko kamaoneka ngati kachibonga. Njerezi zili paliponse m'dothi, makamaka lothiridwa manyowa, chifukwa zimadutsa m'matumbo mwa ziweto n'kutuluka ndi ndowe. Mu 1884 Arthur Nicolaier wa ku Germany anabaya dothi wamba pansi pa khungu la nyama, nyamazo n'kudwala kafumbata. Mu 1889 Kitasato Shibasaburo wa ku Japan, akugwira ntchito ku Berlin, anakwanitsa kukaweta kachilomboka pakokha atachotsa mpweya m'zotengera zake.

Apa ndifuna ndiwongolepo chinthu chimene tonse tinakula nacho, choti kafumbata amabwera ndi dzimbiri. Dzimbiri palokha lilibe mlandu. Msomali wadzimbiri ndi woopsa chifukwa wakhalitsa m'dothi ndipo umabaya mozama. Koma munga wa mthethe, chiputu, chitsa, fupa, waya watsopano amene wagwera m'khola, zonsezi zingachite chimodzimodzi. Nawonso mabala a moto, matekenya ochotsa ndi phini wakuda, mang'a ozama a kuchidendene, mphini zotema ndi lezala logwiritsa kale, zilonda zosapola. Ndaonapo anthu akuthamangira kuchipatala chifukwa lata ladzimbiri lawakanda pamwamba, magazi ali chuchuchu, koma omwewo kaminga kakawalowa mozama amangokazula basi. Chonsecho bala lotseguka, lotuluka magazi, limadzitsuka ndipo mpweya umalifikira. Kabala kopapatiza kozama, kamene kamatsekeka pamwamba mkati muli kachitsotso ndi mnofu wophwanyika umene magazi sakufikamo, n'kamene kamasanduka chisa.

Ndiye ganizirani zimene timachita ife tikavulala. Timatsira dothi kuti magazi aleke. Ena amamata ndowe, ena phulusa, ena mwaye, ena oyilo wakuda wa galimoto. Timachita zimenezi ndi mtima wabwino, tinaphunzira kwa anthu otikonda. Koma kumeneko n'kutenga mbewu, kuibzala, n'kukwirira bwinobwino.

Kachilomboko sikayendayenda m'thupi, kamakhala pabala pomwepo. Chimene chimayenda ndi poizoni wake, tetanospasmin, mmodzi mwa mapoizoni amphamvu kwambiri odziwika. Amalowa kunsonga kwa mitsempha ya uthenga n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika mumsana ndi m'tsinde la ubongo. Ulendo umenewu ndi umene umachititsa kuti matenda aoneke patapita masiku 3 mpaka 21, nthawi zambiri bala litaiwalika. Mumsanamo muli maselo amene ntchito yawo ndi kuuza minofu kuti basi, masuka. Poizoniyu amatseka pakamwa maselo amenewa. Zikatero minofu imangolandira uthenga umodzi, woti kungika, wouletsa palibe, ngati njinga yotsetsereka phiri mabuleki ataduka. Zimayambira kunsagwada ndi kukhosi, kenaka kutsika. Imfa imabwera pamene minofu yopumira ndi ya pammero yakungika, kapena mtima ukasokonezeka.

A malume anawagoneka m'kachipinda kapadera, mawindo otchinga ndi nsalu, chifukwa kuwala, phokoso, ngakhale kuwakhudza modzidzimutsa kunkautsa kukungika kuja. Ndinaphunzira kuyenda wopanda nsapato, kuika kapu pansi osagogoda, kuletsa abale obwera kudzazonda kuti asalire pakhomo. Phala linkadutsa m'kapaipi ka m'mphuno. Ankawapatsa diazepam usana ndi usiku kuti minofu ifewe, jakisoni wogwira poizoni amene anali asanalowe m'mitsempha, ndi Flagyl wa m'diripi wopha kachilomboko. Jakisoni wogwira poizoniyu chiyambi chake ndi ntchito ya Emil von Behring ndi Kitasato yemwe uja mu 1890. Koma poizoni amene wakakamira kale m'mitsempha palibe mankhwala omuchotsa. Thupi liyenera kukonza lokha nsonga za mitsemphayo, ndipo zimatenga milungu. Ntchito ya chipatala ndi kumusunga munthuyo wamoyo mpaka nthawi imeneyo ikwane.

Chimene chinadabwitsa achibale n'chakuti kabala kopola kale kaja anakang'ambanso, n'kuchotsamo mnofu wakufa ndi kachidutswa ka udzu, kenaka osasoka. Akazi awo anadandaula kwa namwino, "Amayi, bwanji mwangolisiya chotsegula?" Namwinoyo anawayankha modekha, "Mayi, tikatseka ndiye kuti tawamangira nyumba. Lipole kuchokera pansi." Nzeru imeneyi madokotala anaigula ndi miyoyo yambiri pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Asilikali ankamenyana m'minda ya ku France ndi Belgium imene inathiridwa manyowa kwa mibadwo, ndipo mabala awo odzaza matope akasokedwa msanga ankawola. Wochititsa wamkulu anali m'bale wake wa kachilombo ka kafumbata, Clostridium perfringens, amene amadya mnofu n'kumatulutsa mpweya wake mkati, moti ukadina khungu umamva kuthetheka pansi pa chala. Mwendo wotere umatha m'maola ochepa. Kuyambira pamenepo lamulo linakhala lakuti bala lakuda ulitsegule, uchotse zakufa zonse, usoke pambuyo pake. Choncho mukaona adokotala asiya bala la ngozi kapena lolumidwa ndi galu osasoka, musafulumire kunena kuti ndi ulesi.

M'wodi yaikulu pafupi ndi kachipinda kathu munagona bambo wina wa matenda a shuga, phazi litawola. Fungo lake linkafika mpaka pakhonde. Namwino yemwe uja anandiuza kuti fungo lotere kwa iwo ndi uthenga: mafinya onunkha kwambiri kawirikawiri amasonyeza kuti muli mabakiteriya odana ndi mpweya. Kwa wodwala shuga magazi sayenda bwino kumapazi, ndipo kumene magazi safika okosijeninso safika.

Mpamene ndinadziwa kuti ambiri mwa mabakiteriyawa sachokera m'dothi ayi, tili nawo m'thupi chibadwire. M'matumbo aakulu ndi amene achuluka kuposa ena onse, kuwirikiza mazanamazana, ndipo kumeneko ndi abwenzi: amagaya zotsalira za chakudya, amatchingira malo tizilombo toipa. Vuto limayamba mpanda ukagumuka. Apendikisi akaphulika, kapena taifodi ikaboola thumbo, Bacteroides fragilis amene ankakhala mwamtendere amakhuthukira m'mimba n'kupanga zithupsa za mafinya. M'kamwa, m'mipata ya pakati pa dzino ndi nkhama, mumakhala magulu ena monga Fusobacterium ndi Prevotella. Dzino lobooka likanyalanyazidwa, mafinya angatsikire pansi pa lilime n'kutupitsa khosi mpaka kutseka njira ya mpweya. Munthu woledzera kwambiri kapena wogwa khunyu akatsamwa ndi masanzi, tizilombo ta m'kamwati timalowa m'mapapo n'kuumbamo chithupsa, makhololo ake onunkha. Mayi amene watsalira zina m'chiberekero atapita padera kapena atachotsa mimba mobisa, ngoziyo ndi yomweyi. Nkhani ndi imodzi ponseponse: malo otsekeka, mnofu wakufa, magazi osafika.

Za Flagyl ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi mankhwala amene tawazolowera mopitirira. Dzina lake lenileni ndi metronidazole. Anapangidwa ku France pofuna kuchiza matenda ena a kumaliseche, ndipo mu 1962 kunadziwika kuti amachizanso zilonda za nkhama, wodwala wina atachira zonse ziwiri nthawi imodzi. Kagwiridwe kake n'kochititsa chidwi: mankhwalawa amalowa m'kachilombo ali ogona, ndipo amadzuka n'kuyamba kuphwanya pokhapokha mmene mulibe okosijeni. N'chifukwa chake amalasa ma anaerobe, pamene jakisoni wa gentamicin, amene amafuna okosijeni kuti alowe m'kachilombo, sawakhudza n'komwe. Chimandidetsa nkhawa n'chakuti Flagyl timamugula paokala ngati maswiti, m'mimba mukangobwadamuka pang'ono tamwa awiri, mawa tasiya. Kutsekula m'mimba kwambiri sikufuna Flagyl. Tikumalizira pachabe chida chimene tidzachifune tsiku limene thumbo labooka. Ndipo ngakhale Flagyl yemweyo sangalowe bwino pakati pa chithupsa chodzaza. Mafinya amafuna kutulutsidwa.

Mlungu wachinayi a malume anayamba kutsegula pakamwa mpata wolowa supuni. Asanatuluke anawabaya katemera, ndipo anatiuza kuti abwerenso pakatha mwezi, kenakanso pakatha miyezi 6. Ndinafunsa chifukwa chake, popeza munthu amene wadwala chikuku sadwalanso. Dokotala anandifotokozera kuti poizoni wa kafumbata ndi wamphamvu moti kachulukidwe kokwanira kupha munthu n'kochepa kwambiri, kosakwana kuti thupi likaphunzire n'kukonza chitetezo. Wochira kafumbata angadwalenso. Ndiponso nthendayi sapatsirana, choncho katemera wa mnzako sakuteteza iwe, ndipo kachilombo kake sitingakathetse chifukwa kali m'nthaka imene timalima. Chotchinga n'chimodzi, katemera wa munthu aliyense payekha, amene anapangidwa m'zaka za m'ma 1920 pofooketsa poizoni yemweyo.

Apa mpamene pali mpata umene umandisowetsa tulo. Mwana wa ku Malawi amalandira katemera wa kafumbata kusikelo ali ndi milungu 6, 10 ndi 14. Mphamvu yake imachepa zaka zikamapita, n'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti pakhale obwereza atatu mwana akamakula. Amayi amapeza mwayi wobwereza kusikelo ya apakati, mpaka kukwanitsa 5. Nanga abambo? Mnyamata akangochoka kumsana kwa amake, jakisoni wa kafumbata sadzamuonanso pokhapokha atavulala n'kupita kuchipatala. A malume anabadwa katemera wa ana asanafalikire m'midzi, moti anali asanalandirepo ngakhale mmodzi. Chonsecho ndi iwo amene amakhala m'khola, m'dimba, pa ng'anjo ya njerwa, monganso anzawo owotcherera zitsulo, a kabaza, osema matabwa. Abambo anzanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Mukabayidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyera, chotsani chilichonse chotsalira mkati, musatsirepo kanthu, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti simukumbukira pamene munabayitsa wa kafumbata. Musadikire kuti litupe, chifukwa loopsalo nthawi zambiri silitupa.

Titabwerera kumudzi, a malume ataonda ngati bango, akuyenda ndi ndodo, anthu anadzaza pakhomo. Madzulo ake khamu litabalalika ndinatsala pakhonde ndi agogo, amayi awo a malumewo. Anandifunsa kuti ndiwafotokozere bwinobwino chimene chinagwira mwana wawo. Ndinafotokoza monga ndalemberamu, za njere za m'dothi, za nsagwada, za msana wopindika. Ndinawonjeza kuti dzina loti kafumbata likunena za timanja ta khanda timene timafumbata osatambasuka, chifukwa kale nthendayi inkagwira kwambiri makanda kudzera pamchombo wodulidwa ndi chida chakuda kapena wopakidwa zinthu. Mwana amabadwa bwino, amayamwa bwino, ndiye chapatsiku la 7 amaleka kuyamwa, kukamwa kuuma, kathupi kukungika. Ndinawauza kuti WHO inawerengera kuti mu 1988 makanda pafupifupi 787,000 anafa motere padziko lonse, kuti pofika 2018 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 25,000 chifukwa cha katemera wa amayi apakati ndi kuchirira malo aukhondo, ndiponso kuti Malawi anavomerezedwa mu 2002 kuti wagonjetsa kafumbata wa makanda, kutanthauza kuti m'boma lililonse odwala sakwana mmodzi pa ana 1,000 obadwa amoyo.

Agogo anakhala chete nthawi yaitali, akufikisa fodya wawo m'chikhatho osanunkhiza. Kenaka anandiuza chimene palibe anandiuzapo. A malume asanabadwe, agogo anataya ana awiri motsatizana, onse ali m'chikuta, mchombo usanagwe n'komwe. Azamba anadula ndi kachibenthu ka bango, n'kupakapo phulusa losakaniza ndi mafuta a nsatsi. Ana onsewo anayamwa bwino masiku oyamba, kenaka analeka, timilomo titakokeka, timanja titafumbata. Akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti ndi tsempho. Mlandu unagwera agogo aamuna, amene pa nthawiyo anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Iwo anakana mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo agogo aakazi sanawakhulupirire.

"Ndiye ukuti linali bango lija?" anandifunsa.

"Bango ndi phulusa, agogo. Zimene mwafotokozazi ndi kafumbata."

"Osati agogo ako aamuna?"

"Ayi, agogo. Sanali iwo."

Anabweza fodya uja m'kabotolo, n'kupukuta manja pachitenje. M'nyumba tinkamva a malume akupempha akazi awo kuti awaonjezere ndiwo. Agogo anadzuka pang'onopang'ono atagwira mzati, nandiuza kuti m'mawa ndiwaperekeze kwa a mfumu, akapemphe chilolezo cholowa kumanda.